Anyamata a bambo anga adandivuula m'matope

Abale anga, makamaka inu amene mukudziwa kuwawa kogona ndi ngongole pamutu, ndiloleni ndikuuzeni za bambo anga, ndi za mmene ine mwana wawo woyamba ndidatsala pang'ono kumwaza zonse zimene iwo adasonkhanitsa ndi thukuta. Ndikulemba izi ndili moyo chifukwa cha chisomo cha Mulungu, komanso chifukwa cha anthu amene bambo adawadyetsa kalekale osayembekezera kubwezeredwa.

Kwathu kuno ku Phalombe, munthu akamalondolera mlendo ku lesitilanti yathu satchula dzina lolembedwa pakhoma. Amangoti, "Pitani kwa a Kochi." Bambo sadapiteko kusukulu ya ukochi, ndipo pamene ine ndinkazindikira n'kuti bondo litawaletsa kale kuthamanga. Dzinali adawapatsa ndi anyamata a m'midzi yozungulira, chifukwa madzulo akangophula mapoto a masana ankapezeka pabwalo la pasukulu, wenzulo pakamwa, akukalipira goloboyi kuti asamaime pamzere ngati wakhomeredwapo.

Iwo adayamba ndi katiyirumu ka udzu, ketulo imodzi ndi mabenchi awiri. Mu March 1991, Phalombe isadakhale boma payokha, ikadali mbali ya Mulanje, napolo adatsika m'phiri la Michesi ndi miyala, mitengo ndi matope, n'kupha anthu mazanamazana. Miyala ina imene idagubuduka tsiku limenelo ikadali m'minda mpaka lero, ndipo alimi amangoilambalala polima. Katiyirumu kaja kadapita, achibale ena a bambo adapita nawo. Nkhaniyi sankakonda kuikamba. Akaikamba ankangoti adabwereka ketulo kwa apongozi awo n'kuyambiranso pansi pa mtengo wa mango. Pamene Phalombe inkakhala boma mu 1998, iwo n'kuti atamanga kale chipinda cha njerwa zootcha, chofolera malata, m'mphepete mwa msewu wochokera ku Chitakale kupita ku Zomba kudzera ku Jali.

M'chipinda chimenecho ndi mmene ndidakulira. Tambala woyamba akalira, amayi ankakhala atasonkha kale moto, nyemba zili pamafuwa. Bambo ankadzisankhira okha matemba ndi milamba yowamba kwa anthu ochokera nayo kunyanja ya Chilwa panjinga, ndipo ankanunkhiza nsomba iliyonse asadapereke ndalama. Nyengo ya nandolo ikafika munkadzaza ogula mbewu ndi oyendetsa malole. Pakutha pa mwezi munkadzaza aphunzitsi. Nsima ya nkhuku ya lokolo, mpunga wa nyemba, nkhwani wotendera, tiyi wa mkaka ndi mandasi: sitidali ndi zambiri, koma munthu sankatuluka ndi njala.

Loweruka ndi Lamlungu masana wailesi inkakwezedwa pashelefu. Bambo adali a Maule mpaka m'mafupa, pomwe amalume, achimwene awo a amayi, adali a Manoma. Bullets ndi Wanderers zikamakumana ku Kamuzu Stadium, akuluakulu awiriwa ankatsutsana mpaka mitsempha kuoneka pakhosi, koma oyimbira akangomaliza mpira ankasamba m'manja m'beseni limodzi n'kudya mbale imodzi. Patsogolo pake adagula kanema ndi dishi. Pa 11 January 2010, pamene Flames ya Kinnah Phiri idathira Algeria zigoli zitatu kwa duu ku Luanda, anthu adadzaza mpaka pamawindo. Russel Mwafulirwa atagoletsa choyamba, bambo adanyamula kamwana ka eni ake n'kuvina nako pakati pa matebulo. Elvis Kafoteka ndi Davi Banda atawonjezera, adalengeza kuti tiyi wa tsikulo ndi waulere. Amayi adadandaula za shuga sabata yonse, koma akamadandaula ankaseka.

Pakhomo adali munthu wa malamulo ochepa. Kasitomala womaliza akatuluka, tonse tinkakhala pansi kudya pamodzi, ndipo aliyense ankafotokoza mmene tsiku lamuthera. Mlongo wanga atayamba kusewera mpira wamanja, anthu ena adati mtsikana wamkulu asamangodumphadumpha pabwalo. Bambo adamugulira nsapato pakaunjika, namuuza kuti dziko lino ladziwika kunja chifukwa cha ma Queens, akazi ngati Mary Waya ndi Mwawi Kumwenda, choncho asachite manyazi. Lamulo limene sankasekerera lidali lakuti m'lesitilanti mwawo musachitike zobetcherana. Ankati, "Ukaikapo ndalama pa mpira, umayamba kudana ndi mwana wa mnzako chifukwa choti waphonya chigoli."

Padali chinthu chimodzi chimene ine ndinkawadandaula nacho. Pansi pa kauntala pankakhala buku la ngongole, la chikuto cholimba chakuda. Kumapeto kwa bukulo kudali masamba a anyamata a timu yawo. Akachokera kosewera kutali, ena atayenda pansi kuchokera ku Chiringa kapena ku Mpasa, ankafikira kwathu n'kudya. Bambo ankalemba dzina ndi mbale zimene wadya, koma sadawonkhetsepo, ndipo sadalonjererepo aliyense. Ndikawafunsa kuti nanga mumalemberanji, ankati amafuna mnyamatayo adziwe kuti amuwerengera ngati munthu wamkulu, osati wopemphetsa. Ine ndinkangoona ufa ukutha.

Usiku womaliza umene ndidawaona akusangalala ndi mtima wonse udali wa pa 25 January 2022. Namondwe wa Ana adali atangowononga kumene malo opangira magetsi a Kapichira, dziko lili mumdima, mitsinje itasefukira. Bambo adathira mafuta otsala mujenereta kuti anthu aonere Flames ikusewera ndi Morocco ku Cameroon. Gabadinho Mhango atamenya mpira uja kuchokera kutali n'kumudutsa goloboyi pamutu, bambo adangogwira kumutu, misozi ikutsika. Tidagonja 2-1, koma iwo potseka chitseko adati tsopano aona Malawi akuopedwa.

M'nyengo yozizira ya chaka chomwecho adagwa m'mawa pafupi ndi mbaula. Adali ndi matenda othamanga magazi, ndipo monga amachitira ambiri mwa akuluakulu athu, akamva bwino ankasiya kumwa mankhwala. Tidathamangira nawo kuchipatala, achipatala adayesetsa, koma sadalankhulenso. Pamaliro awo bokosi lidanyamulidwa ndi amuna ovala majezi akale ofiira, ena a iwo a imvi kale.

Titameta, abale adagwirizana kuti ine ndiyendetse lesitilanti. Amayi adandipatsa makiyi, buku lija, ndi ndalama zimene zidatsala pachipepeso, zoti tisunge kuti tidzamangire chiliza. Palibe amene ankadziwa kuti ndidali nditayamba kale kubetcha pafoni bambo akadali moyo. Zidali ndalama zochepa, za mbale imodzi kapena ziwiri, ndipo ndinkadzinamiza kuti popeza mpira ndimaudziwa kuyambira ndili mwana, ine sindikutchova juga, ndikugwiritsa ntchito nzeru.

Nthawi idali yovuta kwa aliyense wa geni. Mu May 2022 ndalama ya kwacha idagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, mafuta ophikira ndi shuga zidakwera, ndipo makasitomala adayamba kugawana mbale imodzi awiri. Ine m'malo mokhala pansi ndi amayi kuti tione chochita, ndidayamba ndi kuthamangitsa anyamata a timu. Ndidawauza kuti zaulere zidapita ndi eni ake. Ndidaika mtengo pakhomo kwa ofuna kuonera mpira. Usiku mkazi wanga ndi mwana akagona, ndinkafunda bulangete kumutu, foni m'manja, n'kumasankha matimu a m'maiko amene sindidziwa n'komwe kumene ali. Chisoni cha bambo sindidachilire, ndidachibisa m'menemo. Ukapambana kamodzi umaiwala maulendo onse amene udaluza, ndipo ukaluza umati mawa ndibweza.

Mpikisano wa dziko lonse utayamba ku Qatar, mpamba udali utaphwa kale. Ndidaganiza zobweza zonse tsiku limodzi. Pa 22 November 2022 Argentina inkasewera ndi Saudi Arabia, ndipo padalibe munthu wodziwa mpira amene ankakayika za wopambana. Ndidatenga ndalama zogulira mpunga ndi chimanga, ndidatenga fizi ya mlongo wanga, ndidatenganso ndalama za chiliza cha bambo. Mpirawo udachitika nthawi ya nkhomaliro, ine ndikuperekera nsima. Lionel Messi atagoletsa penate ndidamwetulira ndekha. Chigawo chachiwiri chitangoyamba, Saudi Arabia idathira zigoli ziwiri motsatizana. Anthu m'lesitilanti adakuwa ndi chisangalalo poona wamng'ono akugwetsa wamkulu. Ine ndidaima ndi beseni la madzi osamba m'manja, miyendo ikunjenjemera, ndikumwetulira kuti asandizindikire.

Mawa lake ndidapita kwa munthu wa katapila. Ndidapereka chikole cha firiji, kanema ndi jenereta, katundu wa bambo yense, ndipo adalola kuti zikhalebe m'lesitilanti mpaka tsiku lobweza. Inu amene mudalowapo m'katapila mukudziwa kuti mwezi ukatha chiwongoladzanja chimabala chinzake. Ndidalipira theka la fizi, zotsalazo ndidabetchanso. Kenaka kolera, amene pofika kumapeto kwa January 2023 adali atapha anthu oposa 1,000 m'dziko muno, adachititsa anthu mantha kudya m'malo ogulitsira zakudya. Amayi akandifunsa za malonda ndinkati zili bwino. Mkazi wanga akandifunsa chifukwa chimene ndikuwondera ndinkamukalipira. Kutchalitchi ndidasiya kupita, poopa kuti wina andiyang'ana m'maso.

Mvula ya namondwe wa Freddy idayamba Loweruka pa 11 March 2023, ndipo sidakate. Pofika Lolemba nthaka idali itakhuta, madzi akutumphuka m'nyumba kuchokera pansi. Usiku tidamva mkokomo kuphiri, ngati malole ambiri akutsitsa miyala nthawi imodzi. Amayi, amene adaumvapo mkokomo umenewo mu 1991, adangoti, "Napolo uja wabweranso. Tengani mwana." Tidathawa mumdima, madzi m'chiuno, mwana ali pakhosi panga, mkazi wanga atagwira lamba wanga, amayi ndi mlongo wanga atagwirana chitenje. Tidafika pasukulu ina ya pamtunda tili amoyo tonse. Khoma la nyumba yathu lidagwa usiku womwewo.

Pamsasa nkhani zinkafika pang'onopang'ono. Tidamva kuti ku Nkhulambe misewu ndi milatho zaduka, anthu sakufikirika. Tidamva za ku Chilobwe mu Blantyre, kumene matope ochokera m'phiri la Soche adakwirira mabanja. Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, adalengeza kuti chigawo cha kummwera chagweredwa tsoka, ndipo pambuyo pake zidadziwika kuti anthu oposa 1,000 adafa kapena kusowa, pomwe oposa 600,000 adasowa pokhala. M'kalasi mmene tinkagona mudali mayi wina amene adataya ana ake onse. Sankalira mokweza. Ankangopinda ndi kupindanso kansalu kamodzi.

M'kalasi momwemo, madzulo ena, amayi adandiitanira pakona. Adati, "Mwana wanga, ndaganiza. Ndalama za chiliza zija katenge, tigule malata ndi ufa, tiyambirenso. Bambo ako sangakwiye, chifukwa iwonso adayambira pa ketulo yobwereka." Adalankhula ndi nkhope ya munthu amene wapeza njira. Ine ndidayankha kuti chabwino amayi, ndikatenga. Tsiku lomwelo ndidakumana ndi wa katapila uja pamzere wolandirira ufa. Adandikokera pambali n'kunena kuti wamva kuti chikole chake chaonongeka, choncho akufuna ndalama zake zonse, apo ayi akaonana ndi amayi.

Usiku umenewo sindidagone. Kusadache ndidadzuka, ndidamuyang'ana mwana wanga ali m'tulo pa thumba la ufa, ndidatuluka. Ndikuuzeni zoona, abale anga, chifukwa umboni wobisa suthandiza munthu: ndidatuluka ndi maganizo osadzabwereranso. Ndidafika kulesitilanti, chitseko chitathyoka. Matope adali ofika m'mawondo, ozizira, onunkha zovunda. Firiji idali itagona chammbali, kanema atagwa chafufumimba, mabenchi amene bambo adakhoma ndi manja awo atapanikizana pakona. Mthiko wa amayi udali utatulukira nsonga yokha. Pashelefu ya pamwamba, pamene pankakhala wailesi, padali buku lakuda lija, lotupa ndi chinyontho. Ndidalitenga n'kukhala patebulo limodzi limene lidatsala chiimire.

Pamenepo ndidaona zonse poyera. Madzi adagwetsa khoma, koma lesitilantiyo ndidali nditaigwetsa kale ine namondwe asadabwere. Ndidaganiza za manda a bambo, mulu wa dothi wopanda chizindikiro, umene mwina mvula idali itausalaza. Ndidaganiza za nkhope ya amayi akadzamva, za mlongo wanga akubwezedwa kusukulu, za anthu akuloza mkazi wanga pachitsime. Mtima unkandiuza kuti onsewa apepukidwa ine ndikachoka. Lero ndikudziwa kuti limeneli ndi bodza lalikulu limene ngongole ndi manyazi zimanong'oneza munthu, koma m'mawa umenewo linkamveka ngati nzeru. Ndidayesa kupemphera, mawu adakana. Ndidachita mantha ndi imfa, ndidachitanso mantha ndi kutuluka kwa dzuwa. Chidandiwawa koposa n'chakuti mayi uja wa kansalu akadapereka chilichonse kuti mwana wake mmodzi apume, pomwe ine amene Mulungu adandipulumutsa ndi banja lonse ndidali pano kufuna kutaya moyo. Ndidalira koyamba chimwalirireni bambo, kulira kwa mwana, pakamwa pali yasa, m'chipinda chopanda munthu.

Ndidamva munthu akupalasa matope pakhomo. Adali mnyamata wa kabaza, amene kale adali goloboyi wa timu ya bambo, mmodzi mwa amene ndidawathamangitsa. Nayenso ankagona pamsasa pomwepo, nyumba yake itagwa. Adandiona ndikutuluka mumdima, kayendedwe kanga sikadamusangalatse, ndipo adanditsatira chapatali. Sadandifunse zambiri. Adakwera patebulopo, nakhala pambali panga, nati, "Achimwene, kuno simukhala nokha. Ine ndili pompano mpaka tinyamukire limodzi."

Ndidamuuza zonse, kuyambira pa foni mpaka pa chiliza. Ndinkayembekezera kuti adzidzimuka. Iye adati, "Zobetchazo timadziwa kale, achimwene. Timakuonani. Tinkangosowa poyambira, poti mudatitsekera chitseko." Kenaka adatenga buku lija m'manja mwanga, natsegula masamba omata a kumapeto mosamala, mpaka adapeza dzina lake. Adaloza mizere ya bambo, mbale pamwamba pa mbale, zaka zingapo. Adati masiku amenewo kwawo kunkagonedwa ndi njala, ndipo nsima ya a Kochi ndi imene idamusunga pasukulu mpaka Sitandade 8. "Tsono mwana wa a Kochi atayike ine ndikuona? Nyamukani, tipite kwa amalume anu."

Adandigwira dzanja njira yonse. Amalume adamvetsera osandidula, kenaka adaitanitsa amayi ndi mkazi wanga, tidakhala kuseri kwa kalasi. Kunena mawu amenewo pamaso pa amayi kudali kovuta kuposa kuwoloka madzi usiku uja. Nditamaliza, amayi adadziphimba kumaso ndi chitenje nthawi yaitali. Goloboyi uja adawauzanso kumene adandipeza ndi mmene adandipezera. Apo amayi adavundukula nkhope n'kundigwira pamkono mwamphamvu. "Ndalama zapita, zipite. Iwe ukadapita, ine ndikadakwirira angati?"

Musaganize kuti zonse zidakoma tsiku lomwelo. Amayi adakhala nthawi yaitali akundiyankha mawu amodziamodzi, ndipo adali ndi chifukwa. Mkazi wanga adandiuza kuti chimene chidamupweteka si umphawi koma kumunamiza tikugona mphasa imodzi. Amalume adati madzi akatayika saoleka, tione za kutsogolo. Adandilanda foni ya intaneti n'kundipatsa kafoni kongoimbira. Adalamula kuti ndalama iliyonse ya malonda izisungidwa ndi amayi ndi mkazi wanga, ine ndizingoperekera chakudya ndi kukagula zinthu ndi ndalama yowerengeredwa. Adapita okha kwa wa katapila, atatenga a mfumu ngati mboni, ndipo atakambirana kwa nthawi adagwirizana kuti chiwongoladzanja chiime, tibweze pang'onopang'ono. Kwa mwamuna wa pabanja zimenezi n'zochititsa manyazi, koma ndi zimene zidandisunga.

Madzi ataphwa, m'mawa wina ndidapeza amuna pakhomo pa lesitilanti ndi makasu, mafosholo ndi wilibala. Goloboyi uja adali atamema anzake, akale ndi atsopano. Ambiri a iwo adalibe pogona, minda yawo itakokoloka, koma adabwera. Adakokolola matope mpaka simenti idaoneka. Mmodzi amene tsopano ndi kalipentala adakhomanso mabenchi. Wina adabweretsa nkhuku, wina nsungwi ndi mitengo, wina amene ndi mphunzitsi adagula thumba la makala. Wina amene ali ku Johannesburg atamva adatumiza ndalama yogulira malata angapo. Aliyense ankati akubweza za m'buku, ngakhale bukulo silidawonkhetsedwepo. Ine ndidapempha chikhululuko kwa mmodzimmodzi chifukwa cha mawu aja akuti zaulere zidapita ndi eni ake. Mkulu wina mwa iwo adangondipatsa fosholo n'kuti tigwire ntchito.

Amayi adakongola kandalama kubanki m'khonde ya amayi anzawo, tidagula ufa wa tirigu, shuga ndi masamba a tiyi. Tidayambiranso ndi tiyi ndi mandasi. Patapita miyezi tidabwezeretsa nsima ya nyemba ndi matemba, kenaka mpunga. Chaka chimenecho anthu sadakolole mokwanira, ndipo mu November 2023 kwacha idagwetsedwanso ndi 44 peresenti, moti masiku ena tinkatseka ndi phindu longokwanira makala a mawa. Koma tsopano mavuto tinkawaona tonse, ndalama zili patebulo, aliyense akuwerenga nawo.

Chilakolako chobetcha sichidathe msanga, ndipo ndikunama ndikanena kuti chidatheratu. Loweruka likafika, manja ankayabwa. Ndidabwerera kutchalitchi, ndidawauza abusa, ndipo adandilumikiza ndi abambo ena awiri amene adadutsa m'njira yomweyi, wina chifukwa cha mowa, wina chifukwa cha juga ya makadi. Chikandigwira ndimaimbira mmodzi wa iwo, kapena ndimapita kukakhala kukhitchini pafupi ndi amayi mpaka chidutse. Kwa nthawi yaitali ndinkaopa ngakhale kumvera mpira pawailesi. Amene adandibwezera ku mpira ndi mlongo wanga. Tsiku lina adapeza wenzulo ya bambo m'thumba la jekete lawo, nandipatsa, nati ana a pabwalo la pasukulu akusewera mpira wachikulunga popanda wowayang'anira. Ndidapita. Kuona kamnyamata kopanda nsapato kakudumphira mpira m'fumbi, kenaka kakudzuka kakuseka, kudandikumbutsa chimene bambo ankachikonda m'masewerawa, chimene ine ndidachigulitsa.

Ngongole ya katapila tidaimaliza mu 2024. Mlongo wanga, amene adakhala pakhomo kwa kanthawi chifukwa cha ine, adabwerera kusukulu. Chiliza cha bambo tidamanga, chaching'ono, cha simenti wamba, ndipo tsiku lochionetsa titachoka kumanda kudachitika mpira wa okwatira ndi osakwatira. Amalume, a Manoma enieni, adavala jezi yofiira ya mlamu wawo n'kukhala oyimbira. Atatha masewero onse adabwera kudzadya, ndipo ndidatsegula buku latsopano, ndi masamba a kumapeto a ana a timu. Kanema sitidagulebe, wailesi idabwerera pashelefu, ndipo lamulo la bambo loletsa zobetcherana ndidalilemba pakhoma ndi dzanja langa.

Apolisi akhala akunena chaka ndi chaka kuti ambiri mwa anthu amene amadzichotsera moyo m'dziko muno ndi amuna, ndipo ngongole ndi chimodzi mwa zifukwa zimene zimatchulidwa kawirikawiri. Ndikamva zimenezi pawailesi ndimadziwa kuti aliyense wa iwo adali ndi m'mawa wake ngati wanga uja, kungoti padalibe womutsatira. Tidaleredwa kuti mwamuna salira, mwamuna saulula, ndipo kuleredwa kumeneku kukutitha.

Tsono m'bale wanga, ngati ukuwerenga izi foni ili m'manja, fizi ya mwana kapena mpamba wa mkazi wako utapita, usadikire kuti ubweze kaye ndiye udzaulule, chifukwa tsiku limenelo silifika. Pita lero kwa amalume ako, kwa abusa kapena a shehe, kwa mnzako wa paubwana, kapena kuchipatala chapafupi, ukanene zonse mmene zilili. Adzakwiya, mwina adzalira, koma adzakonda kukuona wamoyo ndi ngongole yako. Ndipo inu amene mwaona mnzanu akuwonda, akuthawa anthu, akutuluka yekha mumdima, musati n'zake zimenezo. Nyamukani mumutsatire.